Ufa wa Adzukulu

"Ndikufunseninso, bambo a Olga, ndipo mundiyankhe mukundiyang'ana. Wapita kukanena kwa amilisiya ndani?"

Amuna anga, a Luciano, anali atakhala pakhonde akupala mpini umene unali wosalala kale. Sanadzutse mutu.

"Ndine."

"Mwangoti ndine? Ngati ndakufunsani amene wamaliza madzi mumtsuko?"

"Ukufuna ndikunamize? Olga amagona mphasa imodzi ndi agogo ake. Kuyambira dzulo apongozi akhala akuthamangira kuseri, lero kuthamangako kwawakanika. Nyumba ya a Raul anaiwotcha dzana atapezamo wodwala wobisidwa. Unaona ndi maso ako."

"Ndinaona. Ndinaonanso mwana wa a Raul akumukweza kamiyao, lole ya boma ija, kupita naye kuchipatala ku Fingoe. Nanga amayi anga akwera chiyani?"

Tonse tinali titaona. Amayi anga, aNachisale, anawanyamula pa machira a nsungwi m'mawa womwewo, kutuluka nawo pachipata, n'kukawasiya mumsasa wa udzu pafupi ndi manda. Kamiyao anali wa anthu amene akachira adzagwiranso khasu. Okalamba ankawapititsa kumsasa kuti adzukulu asamavutike kuyenda mtunda.

"Mukanandiuza ine kaye," ndinatero.

"Ukanavomera?"

"Sindikanavomera."

"N'chifukwa chake sindinakuuze. Ndili ndi mwana mmodzi, make Olga."

"Inenso ndili ndi mayi mmodzi. Mwawataya ngati deya wovunda. Mawu anga omaliza kwa inu ndi amenewa. Nsima ndiziphika, madzi osamba ndiziika, koma pakamwa panga musayembekezerepo kanthu."

Ine Zeferina ndimadziwika ndi pakamwa, ndipo amene anamva lumbiro langalo anapatsana masiku awiri kuti ndiliswa. Anadabwa.

Chinali chilimwe cha 1973, chaka chachiwiri chisamutsireni atropa, asilikali a Apwitikizi, midzi yathu n'kutiunjika mkati mwa waya waminga, kuti ankhondo a m'tchire asowe wowaphikira. Iwo ankati aludeyamentu, ife tinkangoti kuwaya. Midzi isanu ndi umodzi inkamwa chitsime chimodzi. Matenda otsegula m'mimba aja, kolera, atafika sanachite kufunafuna anthu, anatipeza tili pamodzi kale.

Masana a tsiku lomwelo infirimeru, namwino wa boma, anabwera ndi chitini cha njereza n'kulemba mtanda pachitseko chathu. Anandilandanso giya, kapepala kotulukira pachipata popita kumunda. Masabata atatu osachoka pakhomo. A Luciano okha anawalola kutuluka, koma ndi khasu lokumbira manda, chifukwa amuna a m'nyumba za mtanda ndiwo anasandutsidwa adzukulu. Nyumba yathu inali mumzere woyamba, moyang'anana ndi chipata. Denga la msasa ndinkaliona ndili pakhonde, kuseri kwa mlambe, koma kufikako kunali ngati kupita ku Joni.

Tsiku lachitatu madzulo, dzuwa likadalipo, ndinamva mawu kumpanda.

"Odi kuno kwa anthu a mtanda."

Anali a Serafina, mayi wamasiye wochokera cha ku Malowera, wa mawu okuluwika ngati ng'oma ndi Chinyanja chosakaniza ndi Chinsenga. Sitinali pachibale. Kunena zoona sitinkagwirizananso, chifukwa pamzere wa kuchitsime onse awiri tinkafuna kukhala patsogolo.

"Musayandikire, a Serafina."

"Ndani wakuuza kuti ndikufuna kuyandikira? Khala pomwepo. Ndadutsa pamsasa pochokera kososa kumunda. Alimo asanu ndi awiri. Mayi ako ali moyo."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Usalire, sindinamalize. Ali moyo lero. Koma kulibe wowapatsa ngakhale dontho la madzi. A Vicente okha, nkhalamba ya diso limodzi ija, ndiwo akukwawa n'kumanyowetsa anzawo milomo ndi mame a pa udzu. Matendawa akawaleka, ludzu ndi njala ziwamaliza."

"Nanga ndichite chiyani ine? Pachipata salola ufa, salola mchere, ngakhale mkute."

"Salola. Koma chipanda cha madzi akumwa amalola, munthu aliyense chimodzi. Wawaonapo mmene amafufuzira? Amangochigwedeza pakhutu. Chikachita khuchukhuchu, pita. Tsono phala lamadzimadzi, lowiritsa bwino, losefa pansalu, lothira kamchere, nalonso limachita khuchukhuchu."

"Ndiye inuyo kumundako mukamwa chiyani? Mitsinje yonse yauma."

"Malovu."

"Ndi dzuwa ili?"

"Iwe, ndabwera kudzakuuza, sindinabwere kudzapempha nzeru. Ndalankhula ndi Adelina ndi Virgínia, iwonso alankhula ndi anzawo. Takwana khumi ndi awiri. Tsiku lililonse anayi azipita ndi phala, enawo aziwagawirako madzi pang'ono pomeza. Pansi pa mlambe tasiyapo miphika inayi. A Vicente azitenga."

Ndinathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi lichero la ufa. A Serafina anabwerera m'mbuyo ngati ndawatulutsira njoka.

"Ufa wa m'nyumba ya mtanda? Ukufuna utiphe tonse? Sunga, udyetse mwana."

"Ndiye ndikupatseni chiyani?"

"Ukadzatuluka uzidzandisiyira malo kuchitsime."

Chinthu chimene chinandiwawa m'masiku amenewo, kuposa kutsekeredwa, chinali kulandira chifundo ndilibe chobwezera. M'mawa uliwonse ndinkakhala pakhonde kuwaonerera akudutsa pachipata, makasu paphewa, zipanda m'manja. Ena mwa iwo sindinkawadziwa ndi maina omwe. Mmilisiya ankagwedeza chipanda, kenako mayiyo n'kudutsa osacheuka. Madzulo ankabwera milomo itachita ming'alu, oyera ngati agona paphulusa. Adelina anali ndi mwana woyamwa, ndipo ndinamva kuti tsiku lake lonyamula phala mkaka unkachepa, mwana n'kumalira mpaka anzake amuyamwitsireko. A Serafina podutsa pampanda ankangoponya mawu awiri osaima: "Ali moyo." Ndinkakhalira mawu amenewo mpaka mawa lake.

Zinayenda choncho masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi pachipata panali mmilisiya wachilendo, ndipo anali ndi ludzu. M'malo mogwedeza chipanda cha a Serafina, anachitsegula n'kupapira. Ndinamuona akulavula, phala likuyenderera pachibwano.

Amilisiya anawagoneka a Serafina pansi pomwepo. Mkulu wa pachipata anaitanitsa mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja, n'kuwafunsa kuti phalalo linkapita kwa ankhondo ati, ndipo anali nawo ndani. A Serafina anayankha mokweza kuti ndi lawo, mano awo ndi ofooka, ndipo amadya okha chifukwa ndi aumbombo chibadwire. Anawamenya makumi awiri dzanja lililonse. Ndinatseka Olga maso, koma makutu ake ndinalibe manja owatsekera. Dzina la munthu sanatchule ngakhale limodzi.

Kuyambira tsikulo chipanda chilichonse ankachithira pansi pang'ono asanachilole. Tsiku loyamba kumsasa sikunapite kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Madzulo ake a Luciano anabwera ndi dothi lofiira m'miyendo, ndipo ndinamva akuuza mnansi pampanda kuti aika awiri ochokera mumsasa. Lumbiro langa linatsala pang'ono kuthyoka, koma iwo anandiona nkhope n'kunena okha, akuyang'ana kumbali, kuti apongozi sanali m'gululo.

Tisanalowe m'nyumba, a Serafina anatulukira, manja atakulungidwa m'masanza, atawanyamula patsogolo ngati anyamula makala amoto. Ndinayamba kulira ndisanawapatse moni.

"Iwe ndakuuza kale za kulira. Lero sindinabwerere iwe. Mkamwini alipo?"

A Luciano anayandikira kumpanda.

"Ndilipo, mayi."

"Adzukulu masiku ano mukudya chiyani kumanda?"

"Palibe. Tikukumba ndi njala, tikadya kunyumba."

"Kwanu kuno n'kotero? Munthu kukumbira mnzake nyumba yomaliza, osapatsidwa ngakhale ufa?"

"Kale ayi. Eni maliro ankatipatsa lichero la ufa, mchere, mtsuko wa madzi, nthawi zina nkhuku, tinkaphika tokha kumandako. Koma chibwerereni matendawa maliro tikungoika ngati tikukwirira mbatata."

"Ndipo ufa wa adzukulu ukatsala umabwerera kumudzi?"

"Subwerera. Cholowa kumanda sichibwerera."

"Basi. Mwambo mwautaya nokha, palibe anakuletsani. Mawa muutole."

"Pachipata adzakana, mayi."

"Mawa sadzakana. Simunamve? Amake a Mário, mmilisiya wamtali uja, amwalira masana ano. Anawabisa m'nyumba sabata yathunthu, ndipo nyumba imeneyo sinawotchedwe, koma zimenezo tizisiye. Ndikufuna ndione mwana amene angatumize mayi ake kumanda adzukulu ali ndi njala."

A Luciano anatsitsa mawu.

"Akatigwira si mbalamatodya ayi. Amuna amapita nawo osabwerera."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukufunsa, sindikukulamula. Akazi tachita mbali yathu mpaka pamene manja athera."

"Ndamva, mayi."

Anangoti ndamva. Ine mumtima ndinati, munthu uyu akanakhala wolimba mtima sakanathamangira kwa amilisiya poyamba paja.

M'mawa mwake maliro anafika pachipata. Kutsogolo adzukulu asanu ndi mtembo wokulunga mumphasa, kumbuyo Adelina ndi lichero la ufa pamutu, Virgínia ndi mtsuko wa madzi, mayi wina ndi kamchere m'tsamba. A Serafina anali pambali, manja ali m'malere. Mkulu wa pachipata anatchinga ndi mfuti n'kuloza lichero.

"Ichi n'chiyani?"

"Ufa wa adzukulu," anatero a Serafina, ndi mawu oti mzere wonse wa nyumba umve. "Mukakana tibwerera nawo, si vuto. Koma malemuwa akadzafunsa kuti ndani anawachititsa manyazi pa ulendo wawo, ife tidzangotchula dzina. Mário, mwanawe, amayi ako ndi awa. Tiwaike ngati munthu kapena ngati galu?"

Mário anali ataima pambali pa mkulu wakeyo, maso ali psuu. Anangogwira mfuti ya mkuluyo chakumphuno n'kuikankhira pansi pang'onopang'ono. Amilisiya enawo, onse ana a m'midzi yathu yomweyi, anayang'ana kumbali. Mkulu uja analavula pansi, nati akazi abwerere, ufawo anyamule adzukulu okha. A Luciano ndiwo analandira lichero.

Mwambo ukangotsegulidwa kwa mmodzi sutsekekanso kwa wina. Kuyambira tsikulo maliro aliwonse ankatuluka ndi ufa, mchere ndi madzi. Nyumba iliyonse inkathirako chikho, ngakhale nyumba zimene zinkadya kamodzi patsiku. Adzukulu asanu aja anapitiriza kukumba ndi njala monga kale. Ndinene chinthu chimodzi chimene ndinakaulula kwa ansembe nkhondo itatha: tsiku lina kunacha kopanda maliro, ndipo ine m'malo mothokoza ndinada nkhawa kuti amayi adya chiyani. Ndinadzamva pambuyo pake kuti adzukuluwo ankasunga ufa wina mumphika, n'kuukwirira m'mphepete mwa manda, poyembekezera masiku otero.

Tsopano wobweretsa mawu awiri aja anali a Luciano. Ankaika khasu pansi n'kuuza Olga, ine ndikumva, kuti agogo ali moyo. Zambiri sankanena, inenso sindinkafunsa. Ndinkaganiza kuti amangomva kwa anzawo. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Akakumana panjira amapatukira kutchire, polankhulana amafulatirana, ndipo apongozi samutchula dzina. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu, ngakhale kuwaya kumene tinapanikizana m'nyumba imodzi, a Luciano ankagona m'khitchini kuti asapumire mpweya umodzi ndi amayi. Ndiye ndinkati iwo ntchito yawo n'kusenza lichero basi, ndipo lichero silinali lokwanira kuti ndiwakhululukire.

Masabata atatu atakwana infirimeru anabwera, anafufuta mtanda ndi chisanza n'kundiponyera giya wanga. Ananenanso kuti otsala mumsasa eni ake akhoza kukawatenga. Olga ndinamusiyira Adelina. Sindikumbuka kuti pachipata ndinadutsa bwanji.

Mwa asanu ndi awiri aja munatsala anayi. A Vicente anali pakhomo pa msasa akutsuka mphika ndi mchenga. Amayi anali atatsamira nsanamira, atatha ngati chitsotso cha chimanga, koma maso ali gwa. Ndinagwada n'kuwagwira mapazi.

"Wanenepa," anatero.

"Amayi, sindinathe kubwera. Anandilanda giya."

"Ndikudziwa. Ukanabwera phala lako ndikanalizindikira, umapsereza. Tandiuza, Adelina mwana wake ali bwanji?"

"Ali bwino. Mwadziwa bwanji kuti Adelina analimo?"

"Mchere. Mtsikana ameneyo amathira ngati akusungira nyama. La Virgínia linkanunkha utsi, nkhuni zake n'zaziwisi chaka chonse. Panali lina la mapira, limenelo ndi la akazi a mzere wakumtunda, sindiwadziwa maina, udzandionetse. Ndinkagona apa maso otseka, a Vicente akandithira m'kamwa ndinkati, lero kwabwera uje. Ndinkadziwa kuti kumudzi sanatiiwale. Koma lina, losalala bwino, linasiya kubwera."

"Linali la a Serafina. Anawagwira pachipata. Zala ziwiri sizikuwongoka mpaka lero."

Amayi anatseka maso kanthawi.

"Munthu wa ku Malowera. Sindinamupatsepo ngakhale moto. Undipititse kwawo ndisanalowe m'nyumba mwako."

"Ndikupititsani."

"Tsono litasiya limenelo, tinakhala masiku awiri. Ine ndinali nditatsanzika kale. Kenako kunabwera phala loipa, mwana wanga. Chibadwire sindinalaweko phala lotero. Mibulu ngati miyala ya mumtsinje, pansi lopserera, pamwamba losapsa. Ndinati uyu ndi mwamuna, ndipo sanagwirepo mthiko."

A Vicente anaseka ali pakhomo pomwepo.

"Muuzeni zonse, aNachisale. Masiku amenewo inenso ndinali nditagwa, sindinkatha kukwawa."

"Ndikumuuza. Tsiku loyamba analowa chafutambuyo, monga mwa ulemu wake, n'kuika chikho pambali panga akuyang'ana kukhomo. Ine dzanja osadzuka. Anadikira, anadikira. Kenako ndinamva akuti, pepani apongozi, n'kutembenuka. Anandinyamula mutu n'kuuika pamwendo pake, n'kumandimwetsa pang'onopang'ono ngati khanda. Atatha anaona mmene ndinagonera, m'zonyansa zanga za masiku ambiri. Anatenga madzi a adzukulu aja n'kundisambitsa. Nsalu yanga anachapa yekha. Anachita chimodzimodzi kwa enawa, tsiku ndi tsiku, iye ndi anzake."

Ndinakhala pansi.

"Sanandiuze."

"Akanakuuza bwanji, ndamva kuti sukumulankhula? Anandiuza yekha kuti anakanena kwa amilisiya ndi iye. Analira. Ndinamuuza kuti ndikanakhala ndi mphamvu tsiku lija ndikanatuluka ndekha, mdzukulu wanga asatengere. Choipa si kunditulutsa. Choipa chikanakhala kundisiya."

Anasuzumira panja. Ndinatsatira maso awo, ndipo ndinaona a Luciano ataima kuseri kwa mlambe, atafulatira msasa, chipewa chili m'manja. Anali atanditsatira kuchokera kuchipata, ndipo poti tsopano panali anthu, anabwerera ku ulemu wawo wakale.

Amayi anakokera mpweya n'kuitana ndi kamawu kawo kotsalako.

"Luciano."

Msana wawo unagwedezeka, koma sanacheuke.

"Luciano, mwana wanga, ndikuitana iwe. Ukubisala chiyani? Chatsala n'chiyani chimene sunaone? Bwera undibereke, miyendo ilibe ntchito iyi."

Anabwera akuyang'ana pansi, anagwada, ndipo ine ndinawathandiza amayi kukwera kumsana. A Luciano anawauza a Vicente ndi enawo kuti adzukulu anzawo akubwera kudzawatenga dzuwa lisanapendeke. Tinayamba ulendo wa kuchipata, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinkaona nthiti zawo zikuwerengeka pansi pa malaya ong'ambika, munthu wokumba manda ndi njala pamene ine ndinkamuikira nsima ngati ndikuikira mlendo wosafunika. Ndinachita manyazi, ndiponso ndinathokoza mpaka m'mafupa. Ndinafunafuna mawu akuluakulu oyenera, koma sanapezeke.

"Bambo a Olga," ndinatero, "samalani chitsa icho."

Anaima pang'ono, amayi ali kumsana, ngati munthu amene wamva mvula yoyamba padenga.

"Ndachiona, make Olga."